Kontakita ya pachigayo cha ku Luchenza

Mphwanga, zithunzi za kontakita ya pachigayo unanditumizira zija ndaziona. Usanagwire kalikonse, zimitsa meni switchi, ukhome loko, kiyi akhale m'thumba mwako. Kenako yeza ndi tesita mawaya onse atatu. Muja mumadutsa magetsi a mavoti 400, ndipo ine ndikufuna ubwere kunyumba wamoyo.

Tsopano tsegula kontakita, kabokosi kolumikiza ndi kudula magetsi opita ku mota, uyang'ane timitu toyera tija timagundana mota ikayatsidwa. Ndi siliva, koma wosakaniza. Siliva amadutsitsa magetsi kuposa chitsulo china chilichonse, vuto lake ndi wofewa, amasungunuka pa madigiri 962. Kamoto kabuluu kamathetheka timitu tikamasiyana kaja kamatentha madigiri masauzande. Ulendo uliwonse kamanyambitapo pang'ono, n'chifukwa chake ukuona timaenje ngati pamene pajompha nkhuku. Opanga amathiramo mankhwala otchedwa tin oxide kuti siliva asamathe msanga komanso timitu tisamamatirane. Makontakita akale ambiri anali ndi chitsulo chotchedwa cadmium, ndipo fumbi lake ndi poizoni.

Ndiye tamvera: tupa ndi sandipepa zisiye m'chikwama. Ndikudziwa kuti ambiri amapala mpaka pawale, inenso ndili mnyamata ndinkatero, mpaka ndinapsereza mota ya munthu ku Bvumbwe. Siliva uja ndi wochepa, ukapala watha, watsala mkuwa. Mkuwa ukapsa umachita dzimbiri lotsekereza magetsi, waya mmodzi amaleka kudutsitsa, mota n'kumalira ndi awiri okha mpaka kununkha. Kuda ndi timaenje tating'ono si matenda. Pukuta ndi kansalu kouma, upemerere gaga ndi ufa zichoke, makamaka pamaginito amene amakoka timitu tija, chifukwa chinyontho cha kwathu kuno chimaumbitsa ufawo ngati phala.

Koma ukaona mkuwa wofiira ukusuzumira, kapena kamutu kamodzi kamatirira, sintha tonse titatu pamodzi, apo ayi kontakita yonse. Ukapita ku Limbe tenga yakaleyo m'manja, manambala a ma amp (kuchuluka kwa magetsi omwe imapirira) ndi a koyilo (waya wokulungidwa wa pamaginito) afanane ndi a yatsopanoyo.

Eni chigayo uwauze mwaulemu kuti kontakita ikayamba kunjenjemera, kulira kuti trrr madzulo magetsi akachepa mphamvu, azimitse adikire. Komanso asamayatse ndi kuzimitsa pa ndowa iliyonse. Polira mota imakoka magetsi mwina kasanu ndi kamodzi kuposa ikamayenda. Ukamanga, limbitsa masikuluwu onse, uyatse mphero ilibe chimanga, undiimbire ndimve kulira kwake pafoni.