Konza nyumba yako

Mawu a m'mawa uno: Yesaya 38:1-5

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Mfumu Hezekiya itadwala mwakayakaya, mneneri Yesaya sanaifikire ndi mawu ozuna. Anaiuza mosapsatira kuti ikonze nyumba yake pakuti ifa. Ndime imeneyi sikundichoka mumtima chiikire m'manda bambo wathu wina wa kuno ku Mulanje, amene tonse tinkangowatchula kuti Aloya.

Zamalamulo anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba. Anzawo ambiri anakakhazikika ku Blantyre ndi ku Lilongwe komwe kuli milandu ya ndalama zochuluka, koma iwo anabwerera kumudzi. Ofesi yawo inali kachipinda kamodzi kufupi ndi pa boma, benchi pakhonde, mafayilo omanga ndi chingwe mpaka kudenga. Ngakhale m'mawa wa chiperoni, phiri litabisika mu nkhungu, unkapeza anthu atakhala kale pabenchipo, ena atachokera ku Limbuli ndi ku Muloza pa kabaza. Si onse ankakwanitsa kulipira. Ena ankabwera ndi nanazi, ena nkhuku, ndipo sindinamvepo kuti munthu wabwezedwa chifukwa chobwera chimanjamanja.

Milandu ya malire a munda inali yosatha, poti kwathu kuno malo aakulu ali ndi tiyi ndipo anthufe tinapanikizana pa timinda tochepa. Koma yomwe inkawasowetsa tulo inali ya chuma cha masiye.

Tsiku lina ndinaperekeza mayi wina wa mumpingo mwathu. Mwamuna wake anagwira ntchito ku esiteti zaka zambiri, n'kumwalira mwadzidzidzi. Asanasudzulidwe n'komwe, akuchimuna anali atatenga njinga, wailesi, matiresi ndi malata omwe ankayembekeza kufolera nyumba. Mayiyo anamasula jumbo yomwe anaikulunga m'chitenje, natulutsa chiphaso cha kuntchito cha malemu ndi lisiti ya malata yong'ambika m'mapindiro. Aloya anavula magalasi, nayamba kumufunsa ngati ana adya dzulo lake. Zamalamulo zinabwera pambuyo. Anamufotokozera pang'onopang'ono, m'Chichewa chomveka, kuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kukalowa nawo kundende. Sanathamangire kukhoti. Anayamba aitanitsa eni mbumba a mbali zonse ziwiri pamaso pa a mfumu, nawakumbutsa kuti mlandu suwola. Malata aja anabwezedwa.

Yesaya yemweyu, pa mutu 1 ndime 17, amatiuza kuti tiweruzire ana amasiye ndi kunenera akazi amasiye. Ine ndimeyi ndinaiona ndi maso m'kachipinda kaja.

Chomwe chinkawapweteka mtima n'chakuti misozi yambiri yomwe inkakhetsedwa pabenchi pawo ikanapeweka ndi pepala limodzi. Ankauza abambo kumsonkhano wa mpingo, kumaliro, ngakhale m'minibasi, kuti alembe wilo akadali amphamvu. Si za anthu olemera okha ayi. Ngakhale uli ndi njinga, mbuzi ziwiri ndi ndalama za penshoni, lemba zofuna zako, usayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Ambiri ankakana, amati kutero n'kudziitanira imfa. Maganizo amenewa alipo ndithu pakati pathu, ngakhale pakati pa ife opemphera.

Tabwererani kwa Hezekiya. Atamva uthenga uja anatembenukira kukhoma, napemphera, nalira kwambiri. Mulungu anamva pemphero lake, anaona misozi yake, namuwonjezera zaka 15. Mawu oti akonze nyumba sanamuphe. Masiku athu ali m'manja mwa Mulungu, ndipo cholembera sichingachotsepo ngakhale limodzi. Chomwe chili m'manja mwathu ndi kusankha ngati ana athu adzatilire mwamtendere, kapena adzalire uku akuyang'ana amene akunyamula mipando.

Komabe ndikanakhala ndikunama ndikanati nyumba ya Aloya inakonzedwa ndi mapepala okha. Ofesi ankatseka dzuwa lisanalowe, n'kulunjika kunyumba. Ana awo amakumbukira bambo atakhala pakhonde akuona makope a kusukulu, tayi ali m'thumba la jekete. Mayi a kunyumba ankadziwa ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngongole zomwe. Lamulungu ankayenda limodzi popita kutchalitchi, osati bambo kutsogolo kutali, mayi pambuyo ndi ana. Abale awo a kuchimuna sanawataye, ana a alongo awo angapo anawalipirira sukulu. Koma akadali bwinobwino anawasonkhanitsa onse, akuchimuna ndi akuchikazi, nawauza poyera chomwe n'cha mkazi wawo ndi ana, ndi chomwe asiyira mbumba. Wofuna kudandaula anadandaula mwini wake ali pomwepo kuti ayankhe.

N'chifukwa chake maliro awo anali maliro basi. Panalibe manong'onong'o kuseri kwa nyumba, panalibe wofunsa makiyi, panalibe mwana wotulukira kumanda amene mayi sankamudziwa. Tinalira, tinaimba, tinabalalika. Ndinaona mayi uja wa malata ali kukhitchini, akutakasa nsima ya anthu obwera, misozi ili chuchuchu.

Paulo analembera Timoteo kuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro (1 Timoteo 5:8). Ife timaimva ndimeyi ngati ikunena za ufa ndi ndiwo za lero zokha. Ikunenanso za tsiku lomwe sitidzatha kuyankhula. Bambo, kodi mayi akudziwa komwe kuli mapepala a malo? Akudziwa amene munawakongoza ndi amene anakukongozani? Mayi, inunso muli ndi munda ndi kabizinesi, mwanenapo chiyani? Ndipo inu amalume, inu achimwene a malemu, mpando womwe mukuusirirawo ndi wa mwana amene Mulungu anati Iye ndiye Atate wake (Masalimo 68:5).

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tikuthokozeni chifukwa cha moyo wa kapolo wanu amene anatumikira anthu osauka mokhulupirika. Tonthozani mayi otsalawo ndi ana. Kumbukirani amasiye onse a m'midzi yathu amene agona pansi usiku wathawu chifukwa matiresi analandidwa, ndipo fewetsani mitima ya owalandawo kuti abweze. Kwa amene akuopa kukhala pansi ndi banja lake kuti akambirane zimenezi, mupatseni mphamvu lero. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.