Tisanakwere ku Chawe: Mpando, Magalasi, Lamba ndi Giya Yotsikira Phiri

[Kamera ili panja. Sienta yoyera yaima pansi pa mtengo wa mango ku Matawale. Kumbuyo kukuoneka phiri la Zomba, nsonga yake itaphimbika ndi nkhungu.]

WOFOTOKOZA: Mwaswera bwanji nonse amene mwatipeza. Galimoto mukuionayi si yanga ayi, ndi ya achemwali angawa. Yafika sabata yatha kuchokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Laisensi ali nayo, koma anaphunzirira galimoto ya manyuwo, pomwe iyi ndi otomatiki. Ndiye Loweruka akufuna kukwera ndi ana ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba.

ACHEMWALI: Achimwene, kuyendetsa ndimatha. Musandichititse manyazi pa kamera.

WOFOTOKOZA: Sindikukana. Lowani tione.

[Achemwali alowa, akhala, dzanja lapita kale pa kiyi.]

WOFOTOKOZA: Basi, imani pomwepo. Mwaona? Dzanja lathamangira kukiyi. Mpandowu anausiya chonchi ndi mnyamata amene anabweretsa galimotoyi kuchokera kumalire, munthu wamtali ngati mlongoti. Inu mukufikira buleki ndi zala za kuphazi.

Pansi pa mpando, kutsogoloku, pali kachitsulo. Kokerani m'mwamba, mpando usuntha. Muyeso wake ndi uwu: pondani buleki mpaka pansi, bondo likhalebe lopindika pang'ono. Likawongoka, mwatalikira, ndipo tsiku lofuna kuponda mwamphamvu mwendo udzakhala utatha kale. Mukasiya kachitsuloko, gwedezani mpando mumve kuti wagwira. Mpando wosagwira umatsetsereka nthawi yomwe mwaponda buleki.

Tsopano msana. Anyamata ambiri m'tauni muno amagoneka mpando ngati ali pa mkeka, mutu wokha n'kumasuzumira. Amati ndi sitayilo. Munthu wogona chonchi pa ngozi amapulumukira kunsi kwa lamba, lambayo n'kumukanikiza pamimba. Dzutsani mpando, mapewa atsamire, kenako tambasulani dzanja. Pamene mumavala wotchi paja pafike pamwamba pa chiwongolero mapewa osachoka pa mpando.

ACHEMWALI: Koma ine ndimakonda kuyandikira, ndizitha kuona boneti.

WOFOTOKOZA: Apo ndiye pali nkhani. Kamera iyandikire pakati pa chiwongolero.

[Kamera ionetsa zilembo zoti SRS AIRBAG.]

Mkati umu mwapindidwa thumba. Galimoto ikagunda mwamphamvu, thumbalo limafufuma musanaphethire n'komwe, ndipo limatuluka ndi nkhonya yeniyeni, si pilo ayi. Linapangidwa kuti likulandireni litafufuma kale. Mukakhala chifuwa chili pa chiwongolero, limakupezani likadali m'njira. Siyani mpata wa masentimita 25 pakati pa chifuwa ndi chiwongolero. Ngati mulibe tepi, lula ya mwana wa pulayimale ija ndi masentimita 30, yesani ndi imeneyo. Chiwongolero nachonso chimasuntha: kunsi kwake kuli kachogwirira, mukakamasula mumatha kukweza kapena kutsitsa. Chiloze pachifuwa, osati kumaso. Manja agwire m'mbali, lina pa 9 koloko lina pa 3 koloko.

Ichi chili kumbuyo kwa mutuchi anthu amachiyesa chopumirapo, ena amachizula kumene kuti a kumbuyo aziona bwino. Ntchito yake ndi kuteteza khosi. Minibasi ikakugundani kumbuyo mutaima, thupi limakankhidwira kutsogolo, mutu n'kutsalira, khosi ndi limene limalipira. Chikwezeni mpaka pamwamba pake palingane ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo chiyandikire kunkhongo.

[Achemwali akweza, chimveka kuti "khe".]

Magalasi. La mkatili lionetse windo yonse ya kumbuyo, osati nkhope yanu. Kunsi kwake kuli kakanthu kopanikiza. Usiku wina akakuwalitsani ndi fulu kumbuyo, kasuntheni, kuwalako kuchepa. A m'mbaliwa mumasintha ndi kabatani kali apa kolembedwa L ndi R. Atembenuzeni mpaka thupi la galimoto yanu lizingooneka pang'ono chabe m'mphepete. Malo otsalawo ndi a msewu.

Komabe ngakhale mutawakonza bwanji, pali malo amene galasi silifikako. Tiyeni tiyese.

[Mnyamata wa kabaza ayendetsa njinga pang'onopang'ono kumanzere kwa galimoto, aima pafupi ndi chitseko cha kumbuyo.]

Achemwali, mukumuona?

ACHEMWALI: Pagalasi palibe munthu.

WOFOTOKOZA: Cheukani.

ACHEMWALI: Mayo! Ali pompa.

WOFOTOKOZA: Munthu wathunthu ndi njinga yake. Tsono ganizirani madzulo pafupi ndi msika waukulu kapena pa Chinamwali, kabaza uku, njinga yamoto uku, ana asukulu uku. Musanakhote, galasi kaye, indiketa, kenako khosi licheuke.

Za indiketa ndinenepo pang'ono, chifukwa zimaseketsa. Galimoto za ku Japan indiketa ili kudzanja lamanja, mawaipa kumanzere. Zambiri za ku Ulaya, monga Mercedes, BMW kapena Volkswagen, indiketa ili kumanzere. N'chifukwa chake mumaona munthu akukhota dzuwa lili phwee, mawaipa akupukuta galasi louma. Wabwereka galimoto ameneyo. Mukalowa m'galimoto yachilendo, yesani zonse ili chiimire: indiketa, mawaipa, nyale, hutala, ndi batani la makona atatu ofiira lija la mahazadi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Masekondi awiri ofufuza batani ndi mamita opitirira 30 mukuyenda osayang'ana.

Tsopano lamba, ndipo pano ndichedwapo.

Lamba wogwira malo atatuyu, paphewa ndi m'chiuno mbali zonse, anamukonza ndi Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya Volvo ku Sweden, mu 1959. Kampaniyo inalola kuti ena onse opanga galimoto amugwiritse ntchito. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati kwa okhala kutsogolo, lamba amachepetsa mpata wofa pa ngozi ndi pafupifupi theka. Theka, abale. Koma ife kuno timamuvalira apolisi. Tikaona rodibuloko patali, dzanja limakoka lamba, kumugwirizira ndi chigongono osamanga n'komwe, tikadutsa n'kumusiya. Ena ochenjera kwambiri amamanga lamba kumbuyo kwa msana n'kukhalira, kuti kabelu kaja kasiye kulira. Ine zimenezi zimandinyansa, chifukwa munthu wotere wadzichotsera lamba koma airbag yatsala, ndipo airbag yopanda lamba imakumenya m'malo mokuthandiza.

Kavalidwe kake: wa m'munsiyu adutse pa mafupa a m'chiuno, osati pamimba. Wa m'mwambayu adutse pakati pa phewa, asakhudze khosi, asalowe kukhwapa. Ngati akukudulani pakhosi, pa mzati uwu galimoto zambiri zili ndi posunthira, tsitsani. Asapotoke. Kenako mukokeni mwadzidzidzi.

[Achemwali akoka mwamphamvu, lamba agwira.]

Akagwira chonchi ndiye ali moyo. Amayi oyembekezera nawonso amavala, wa m'munsiyo adutse kunsi kwa mimba.

ACHEMWALI: Nanga ana? Wamng'ono uja amalira akapanda kukhala kutsogolo.

WOFOTOKOZA: Alire. Ana kumbuyo, aliyense ndi lamba wake, wamng'ono pa kampando ka ana. Mwana wa pamiyendo simungamugwire galimoto ikagunda, manja a munthu alibe mphamvu imeneyo. Ndipo kampando ka khanda koyang'ana kumbuyo kaja musakaike kutsogolo komwe kuli airbag. Bwerani muone china.

[Atsegula chitseko cha kumbuyo. Kamera ionetsa kakanthu kakang'ono m'mphepete mwa chitseko.]

Aka mukakasuntha, chitseko sichitsegukanso ndi mkati, mpaka wina atsegule ali panja. Ku chitseko cha dalaivala kulinso batani lotsekera mawindo kuti ana asamaseweretse.

Tilize injini tsopano. Phazi pa buleki, giya pa P, ya paki. Yang'anani dashibodi musanayambe: nyale zonse ziyake, kenako injini ikalira zizime. Yosazima ikukuuzani kanthu. Ndipo yosayaka n'komwe poyamba paja nayonso muikayikire, chifukwa alipo ogulitsa ena amachotsa babu kuti vuto lisaoneke. Zofiira sizinyengereredwa. Kaketulo kodontha ndi oyilo: imani, zimitsani injini. Nyale yosonyeza kutentha kwa injini ikafiira, chimodzimodzi, ndipo musatsegule radiyeta ikadali yotentha. Pa galimoto zambiri za ku Japan nyale yomweyi imayaka ya buluu kapena yobiriwira m'mawa, imeneyo ikungonena kuti injini sinatenthe, musadandaule. Kamunthu kokhala ndi mpira kutsogolo ndi airbag. Kakapanda kuzima, mwina thumba lija silidzatuluka tsiku lake.

Phazi lamanzere, achemwali, lapuma pantchito. Kalachi kulibe. Buleki ndi moto zonse ndi phazi lamanja.

ACHEMWALI: Nanga ichi chili kumanzereku? Ndimayesa kalachi.

WOFOTOKOZA: Imeneyo ndiye handibuleki yanu. Sienta iyi, Passo ndi zina zotere anaiika kuphazi. Mukaponda yagwira, mukapondanso yamasuka. Munthu wozolowera manyuwo akhoza kuiponda galimoto ikuyenda poyesa kusintha giya, ndiye phazi limenelo likhale pansi phee.

[Chithunzi chisintha. Galimoto ikukwera msewu wa ku Chawe. Mitengo ya paini m'mbali, nkhungu yayamba.]

WOFOTOKOZA: Phiri ili nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo nyengo kuno imasintha ngati mtima wa mwana. Onani galasi layamba kuchita nthunzi mkati. Musapukute ndi dzanja, mungopakapo mafuta. Tembenuzani mpweya uloze ku galasi la kutsogolo, yatsani AC, ndipo batani lozungulitsa mpweya wa mkati lija lizimitseni kuti mulowe wa kunja. AC imaumitsa mpweya, ndiye nthunzi imachoka msanga. M'nkhungu yatsani dimu. Fulu imagunda nkhungu n'kubwerera m'maso mwanu. Mahazadi si nyale zoyendera. Wa kumbuyo sadziwa ngati mwaima kapena mukufuna kukhota.

[Atembenuka pamwamba. Galimoto yaima moyang'ana kumtsetse.]

Kukwera aliyense amakwera. Chimene tabwerera kuno ndi kutsika.

Pali bodza limene lakhazikika pakati pa madalaivala, lakuti pa mtsetse uike giya pa N, nyutulo, kuti upulumutse mafuta. Ndi mmene mafuta akuvutiramu, ndikumvetsa chifukwa chake anthu amakopeka. Koma galimoto za masiku ano, ukachotsa phazi pa moto ili m'giya, kompyuta yake imadula yokha mafuta opita ku injini. Pa N ndi pamene injini imafunika mafuta kuti isazime. Ndiye simunapulumutse kanthu, koma mwataya chinthu chachikulu: injini siikugwiranso galimoto, katundu yense watsalira mabuleki.

Buleki imagwira pokhulana, ndipo kukhulana kumatentha. Mukaiponda osalekeza kuyambira pano mpaka kumunsi, mapadi amapsa, mafuta a buleki amatha kuwira, phazi n'kumangolowa ngati mwaponda nsima ya dzulo yothira madzi. Ine zinandichitikira ndili mnyamata, pa msewu womwe uno, ndi pikapu yobwereka yodzaza matabwa. Fungo la chopsa ndinalimva koma sindinadziwe kuti likuchokera kwa ine. Chinandipulumutsa ndi giya yachiwiri ndi kachitunda kena kamene ndinakhotera. Miyendo inanjenjemera mpaka kunyumba.

Achemwali, yang'anani pa giya yanu. Pansi pa D pali chiyani?

ACHEMWALI: S, kenako B.

WOFOTOKOZA: Ikani pa B. Pa galimoto zina mupeza 2 ndi L, pa manyuwo ndi giya yachiwiri kapena yachitatu. Tiyeni.

[Galimoto iyamba kutsika. Injini ikulira mokweza.]

ACHEMWALI: Ikulira kwambiri, achimwene. Sindikuiwononga?

WOFOTOKOZA: Ikugwira ntchito yake. Kulirako ndi injini ikukoka galimoto kuti isathamange. Buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono musanafike pa kona, liwiro likatsika n'kuisiya ipume. Osati kuigoneka phazi njira yonse.

Ndipo china chikadutsa mwadzidzidzi, kaya nyani kaya munthu wosenza nkhuni, pondani mpaka pansi ndi mphamvu zonse. Mudzamva buleki ikunjenjemera kuphazi, ikuchita gu-gu-gu. Ambiri amachita mantha n'kuchotsa phazi poganiza kuti chathyoka. Imeneyo ndi ABS, ikugwira ndi kumasula matayala kambirimbiri pa sekondi kuti asakhulike pansi, kuti chiwongolero chizimverabe. Musapope. Pondani, gwiritsitsani, wongolerani komwe kuli mpata. Pa msewu wa fumbi kapena miyala, ngati wolowera mkati mwa nkhalango umu, ABS imatha kutalikitsa poimira, ndiye kumeneko liwiro lichepe kale.

Tiyese pano pomwe pawongoka, kumbuyo kulibe galimoto. Liwiro laling'ono. Pondani!

[Galimoto iima mwadzidzidzi. Botolo la madzi ligubuduzika kuchokera kumbuyo mpaka kumapazi a achemwali.]

ACHEMWALI: Iii, phazi lonse lachita dzanzi.

WOFOTOKOZA: Mwaimva tsopano, tsiku lina simudzadabwa nayo. Koma botolo ilo litoleni. Likalowa kunsi kwa buleki, ABS yomweyo ilibe chochita.

[Afika pokhota pomwe anyamata akugulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'timbale. Achemwali apereka indiketa, ayang'ana pagalasi, acheuka, aima pambali.]

WOFOTOKOZA: Handibuleki, kenako P. Pa mtsetse chonchi pindaninso matayala aloze kuphiri. Ndikufuna mubweretse dzanja pafupi ndi limu ya kutsogoloyi, musakhudze.

ACHEMWALI: Yangofunda chabe.

WOFOTOKOZA: Tikanatsika pa N, bwenzi pano mukumva fungo. Matayala sitinawayeze mpweya, tikaima pa filing'i kumunsi. Nambala yake yalembedwa pa kapepala kali pa mzati wa chitseko cha dalaivala, ndipo tidikire azizire kaye. Aise, mabulosiwo mbale ndi zingati? Alipira ndi achemwaliwa, galimoto ndi yawo.