Makalata anu: penti wakunja kwa nyumba

Moni nonse amene mwatchera khutu madzulo ano. Mvula yasiya, chimanga chalowa m'matumba, ena mwagulitsa soya ndi mtedza, ndipo kandalama kakangolowa m'thumba maso amayamba kuona kuti khoma la nyumba lathimbirira. N'chifukwa chake makalata ambiri a mwezi uno akukamba za penti. Ndasankhapo asanu. Ena alemba papepala, ena atumiza pa WhatsApp.

Yoyamba yachokera ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre.

"Achimwene a pa wailesi, ine ndi mayi wa ana atatu. Nyumba yathu anaipaka pulasitala kumayambiriro kwa Disembala, ndipo patangotha sabata imodzi tinapaka penti kuti alendo a pa Khrisimasi aipeze yowala. Pofika Malichi penti anayamba kutuluka matuza ngati munthu amene wapsa ndi phala, kenako n'kumasupuka. M'munsi mwa khoma mukutuluka zoyera ngati mchere. Amuna anga akuti wopenta uja anatibera, iye akuti tinagula penti wachabe. Wolakwa ndani?"

Amayi, mlandu uwu ndiuweruza mosakondera: wolakwa wamkulu ndi Khrisimasi. Pulasitala wa simenti amafuna masabata anayi, masiku 28, asanaone penti, ndipo nthawi ya dzinja amafuna kuposa apo. Pamwamba amaoneka wouma pakatha masiku atatu, koma m'kati mwake mumakhala mudakali madzi, ndiponso simenti watsopano ali ndi ukali umene umadya penti kuchokera kunsi. Inu munatsekera madziwo m'khoma. Dzuwa la Malichi litawomba, madzi aja anafuna potulukira, ndiye matuza mukuwaonawo. Wopenta wanuyo ali ndi mbali yake, chifukwa mmisiri wodziwa ntchito akanakana, ngakhale mukanamunena kuti ndi waulesi.

Zoyerazo ndi mcheredi. Umakhala m'njerwa, mumchenga ndi m'nthaka, madzi amausungunula n'kuutulutsira kunja, akauma mchere n'kutsala. Musautsuke ndi madzi, mungoubwezera m'khoma. Ukwecheni ndi burashi yolimba khoma lili louma, mudikire sabata imodzi, muone ngati ubwereranso.

Koma musanagule penti wina, zungulirani nyumba yanu mufufuze kumene madzi akuchokera. Nyumba zambiri za ku Bangwe zili pamtsetse, ndipo khoma la kumtunda ndi limene limalandira madzi onse otsika. Kodi kumeneko kuli ngalande? Nanga madzi ogwa padenga, kodi sagwera pafupi n'kumathovukira khoma? Ngati ndi choncho, kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kakuthandizani kuposa penti wodula. Vuto lovuta ndi lakuti mwina omanga sanaike pepala la pulasitiki lakuda lija pamwamba pa fandeshoni. Popanda pepalalo, khoma limayamwa chinyontho cha pansi ngati chingwe cha koloboyi, ndipo m'munsimo muzingosupuka chaka ndi chaka. Zikakhala choncho itanani womanga, osati wopenta.

Kuti mudziwe ngati khoma lauma, dulani kapepala ka pulasitiki kukula ngati mpango wa m'manja, mukamate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, mukasiye usana ndi usiku. Mukapeza timadontho kunsi kwake, dikiranibe. Likauma, palani penti yense wogwedera, tsekani ming'alu, pakani pulayima wa pulasitala, penti woyambirira uja wothandiza kuti winayo agwire, kenako penti kawiri. Za nthawi, inu a ku Blantyre musanamizidwe ndi kalendala. Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, ndipo penti wopakidwa m'mawa kuli nkhungu amachucha madzulo. Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yanu. Mukachedwa mpaka Okutobala, muzitsatira mthunzi, mbali ya kuzambwe m'mawa, ya kuvuma masana atapendeka, chifukwa khoma lotentha limaumitsa penti asanagwire.

Yachiwiri yabwera pa foni kuchokera ku Johannesburg.

"Akuluakulu, kwathu ndi ku Balaka koma ndili kuno ku Joni chaka chachinayi. Ndikumanga kanyumba kumudzi, mamita 10 mulitali, 8 mulifupi, makoma mamita 3. Wopenta wauza mlongo wanga kuti kunja kokha kukufunika ndowa zisanu za malita 20. Ndalama za kuno sititola pansi. Kodi n'zoona?"

Achimwene, tengani cholembera tiwerengere limodzi. Kuzungulira nyumba yanu ndi 10, 8, 10 ndi 8, zonse pamodzi mamita 36. Tichulukitse ndi 3, tipeza masikweya mita 108. Tichotsepo zitseko ndi mawindo, tiwonjezere timakoma tosongoka ta m'mbali mwa denga, tingonena kuti 100. Lita imodzi ya penti wa madzi imapaka pafupifupi masikweya mita 8 pa pulasitala wosalala. Nambala yeniyeni imalembedwa pandowapo, mlongo wanu aiwerenge. Kupaka kawiri ndi masikweya mita 200, kugawa ndi 8, malita 25. Pulayima kamodzi, malita 13, tinene 15. Zonse pamodzi malita 40. Ndowa ziwiri zimenezo.

Musathamangire kumutcha wakuba munthuyo. Ngati pulasitala wanu ndi wokhakhala, wowaza uja, amamwa penti mwina kuwirikiza kawiri, ndipo ndowa zinayi zikhoza kutha. Mufunseni kuti wawerengera bwanji. Wodziwa ntchito amayankha ndi manambala, wofuna kukapenta kwina ndi penti wanu amayankha ndi mkwiyo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanamuuza mlongo wangayo kuti akagule yekha kusitolo, alandire lisiti, aonetsetse kuti chivundikiro sichinatsegulidwepo, ndipo ndowa iliyonse izitsegulidwa iye ali pomwepo. Ayang'anenso kuti palembedwa kuti ndi penti wakunja. Pali penti wa madzi wotchipa, wotchedwa PVA, amene ntchito yake ndi siling'i ndi zipinda za m'kati. Tsiku loyamba amawala bwino lomwe pa chithunzi chimene akutumizireni, koma mvula ya chaka chimodzi imamutsuka, ndipo ukatsamira khoma malaya amayera. Chinanso ndi madzi. Opanga penti ambiri amalola kuthira pang'ono pa ulendo woyamba, ngati lita imodzi pa malita 10. Amene amasandutsa ndowa imodzi kukhala ziwiri akukupakirani madzi a mtundu. Malipiro a mmisiri muwagawe patatu: akamaliza kukonza khoma, akapaka koyamba, ndi akamaliza zonse. Gawo la kukonza khomalo musalichepetse, ndi limene limadya masiku ambiri, ndipo ndi lomwe anthu amalumpha mwini nyumba akakhala kutali.

Kalata iyi yandisangalatsa. Yachokera ku Dedza, ndipo walemba ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake.

"Agogo akuti ndikupatseni moni. Nyumba yawo ndi ya zidina, yozira ndi dothi, ndipo chaka chilichonse tikakolola amaipaka njereza. Amalume a ku Lilongwe abweretsa zitini ziwiri za penti wa mafuta, akuti njereza ndi yachikale, ikuwachititsa manyazi. Agogo akukana. Akuti mutiweruze."

Zikomo agogo, moni wanu ndaulandira ndi manja awiri. Mwanawe, ukawauze agogo kuti apambana mlandu. Khoma la dothi limapuma. Dzinja limamwa chinyontho, chilimwe limachitulutsa, ndipo njereza imalola zimenezi. Penti wa mafuta ali ngati kuliveka khomalo jumbo. Chinyontho chimatsekeredwa m'kati, dothi limafewa, ndipo tsiku lina mudzaona chibenthu chonse chagwa pamodzi ndi penti wokongolayo. Ndiponso penti sagwira pa njereza yakale, chifukwa pamwamba pake pamakhala ngati ufa. Ngakhale nyumba ya njerwa zowotcha, ikakhala kuti inapakidwapo njereza, pamafunika kuipala kaye ndi kupaka mankhwala omanga ufawo.

Ine ndinakulira m'nyumba yotere. Mayi anga ankapaka njereza pamwamba, m'munsi n'kuzira mzere wa dothi lakuda kuti matope a mvula asaonekere, ndipo anthu odutsa pamsewu ankacheuka. Manyazi a amalume akowo sindikuwamvetsa. Chimene ndingawonjezere n'chakuti njereza isungunulidwe mopyapyala ngati mkaka, khoma liwazidwe madzi pang'ono musanayambe, ndipo mupake kawiri kapena katatu mopepuka m'malo mopaka kamodzi mochindikala, apo ayi imang'ambika. Ikakhala yaiwisi imaoneka yotuwa, musade nkhawa, imayera ikauma. Iwe ndi amene uzikwera pampando, osati agogo, ndipo usamale maso. Njereza imaotcha. Ikakugwera m'diso tsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, upite kuchipatala tsiku lomwelo. Zitini za amalumezo zisabwerere ku Lilongwe, mupake chitseko ndi mafelemu a mawindo, kumeneko ndiye kwawo.

Ya ku Area 25, ku Lilongwe, ikuti:

"Bambo a kunyumba akupala penti wakale pa mafelemu achitsulo ndi mabagala ndi sandipepa kuti apake watsopano. Fumbi lofiira lili mbwee pakhonde pomwe mwana wathu wa chaka chimodzi amakwawa. Ndikawauza akuti ndi fumbi chabe. Kodi ndikuchita mantha ndi zopanda pake?"

Ayi amayi, mantha anuwo ali ndi mutu, ndipo bambowo ngati ali pafupi ndi wailesi asendere kuno. Penti wina wa mafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, amakhala ndi mtovu. Bungwe lolimbana ndi poizoni wa mtovu la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'masitolo a m'dziko muno zaka zingapo zapitazo n'kupeza mtovu wochuluka mu penti wina wa mafuta, ndipo a Malawi Bureau of Standards, oona za ubwino wa katundu, anayamba kulondoloza nkhaniyi kwa opanga penti. Mulingo wa mtovu mu penti umene WHO ndi UNEP, mabungwe a United Nations oona za umoyo ndi zachilengedwe, amalimbikitsa ndi wosapitirira magawo 90 pa miliyoni. Koma penti amene anapakidwa kale ali pomwepo pa felemu lanu, ndipo simungamudziwe ndi maso. Ali phee pachitsulo savuta kwambiri. Ngozi imayamba akasanduka fumbi. Mwana wokwawa amagwira pansi, dzanja n'kulowa m'kamwa, ndipo mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Nthawi zambiri sadwala lero kuti muone, zimadzaonekera kusukulu.

Choncho bambo, nyowetsani popala, mugwiritse ntchito sandipepa wa madzi kuti fumbi lisauluke. Musaotche penti wakale ndi moto. Yalani pulasitiki pansi, mukamaliza mukulunge zonse mukataye kumene ana ndi nkhuku sizifika. Mwana ndi mayi aliyense woyembekezera akhale kutali, khonde likolopedwe ndi nsanza yonyowa, osati kusesa, ndipo zovala zanu za ntchito zichapidwe pazokha. Musambe musananyamule mwana. Amayi, mukapita naye ku sikelo mukawafotokozere azaumoyo za fumbilo.

Za ntchito yeniyeniyo, pamene pali dzimbiri kwechani ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chionekere, pakani pulayima wofiira wa zitsulo tsiku lomwelo chisanagwirenso dzimbiri, kenako penti wa mafuta kawiri, mosiyanitsa tsiku. Ndipo popeza ndikudziwa mtundu wathu sutaya chotengera: chitini cha penti wa mafuta musachisandutse chotungira madzi akumwa kapena chosungira ufa.

Nthawi ikutithawa, koma ya ku Chikwawa iyi ndi yaifupi.

"Bwana, ndikufuna kupenta malata a nyumba yanga mtundu wakuda ngati nyumba za m'tauni. Mkazi wanga akuti tipsa. Inu mukuti bwanji?"

Ndikuti mverani mayiwo, achimwene. Ku Chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mtundu wakuda umamwa dzuwa. Ngati mulibe siling'i, muzigona panja. Sankhani woyera kapena wina wowala, makoma chimodzimodzi. Mtundu wakudawo mukaukonda, pakani m'munsi mwa khoma pofika m'maondo. Malata akakhala atsopano amakhala ndi timafuta toterera, atsukeni kaye ndi kupaka pulayima wa malata, apo ayi penti adzasendeka ngati khungu la njoka. Mugule penti wolembedwa kuti ndi wa denga, ndipo ngati mumakinga madzi a padenga n'kumamwa, mufunse kusitolo ngati pentiyo ali woyenera. Kwerani m'mawa mame atauma, mupondere pamzere wa misomali pomwe pali mitengo kunsi, wina agwire makwerero pansi. Yang'anani kaye pomwe waya wa ESCOM walowera m'nyumba, ndodo ya rola isayandikire pamenepo.

Bambo a ku Kasungu amene munafunsa za ming'alu yoyenda mokhotakhota kuchokera pakona ya windo, imeneyo si nkhani ya penti, ndi ya fandeshoni, ndipo tidzayamba ndi kalata yanu sabata yamawa. Mukamalemba muzitchula dera lanu, mtundu wa njerwa, ndi chaka chimene nyumba inamangidwa, kuti ndisamayankhe mongoganizira. Tsalani bwino, mugone bwino.