Mphepo ya Januwale ndi mwana woyembekezera basi ku Minnesota

Moni nonse abale anga, kaya mukumvera muli ku Ndirande, ku Joni, ku Leeds kapena konkuno ku America. Ndikulankhula kuchokera ku Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota. Mayi ena a ku Lilongwe anditumizira funso pa WhatsApp: kodi n'zoona kuti kuno amatseka sukulu chifukwa cha kuzizira basi? Mayi, n'zoonadi, ndipo lero tikambirana zimenezo.

Ambiri kumudzi amaganiza kuti chimatseketsa sukulu ndi sinowo. Nthawi zina inde, koma kuno sinowo anamuzolowera. Magalimoto okankha sinowo amayenda usiku wonse, kukacha msewu uli bwinobwino. Choopsa kwenikweni chimabwera tsiku loti kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala, koma mphepo ikuchokera ku Canada.

Thupi lathu limafunditsa kampweya kochepa kamene kali pakhungu. Mphepo ikawomba imachotsa kampweyako, thupi n'kuyambanso kufunditsa kena, ndipo kutentha kumatha msanga, monga mmene phala limapolera mukamaliuzira. Nambala imene a zanyengo amaitcha wind chill imayeza zimenezi. Anayamba ndi Paul Siple ndi Charles Passel ku Antarctica cha m'ma 1940, akuona nthawi imene madzi a m'chigubu amatenga kuti aundane pamphepo. Mu 2001 dziko la America ndi Canada anakonza kawerengedwe katsopano atayesa pankhope za anthu odzipereka mumzinda wa Toronto. Nkhope, abale, chifukwa ndi pamene pamakhala posavala.

Dera lililonse la sukulu lili ndi mkulu wake, ndipo ndiye amagamula. Ambiri kuno amayang'ana ngati wind chill ya m'mamawa ifike cha pa -35°F, yomwe ndi pafupifupi -37°C. Pamenepo khungu losaphimbidwa likhoza kuuma ndi chisanu m'mphindi 10 zokha. Makutu, mphuno ndi zala ndiye zimayamba. Zimachita dzanzi, zimayera, ndipo mwana samva n'kuwawa komwe. Uthenga wotseka umafika pafoni madzulo kapena mbandakucha.

Pali masiku ena amene bwanamkubwa weniweniyo analowererapo. Arne Carlson anatseka sukulu zonse za boma m'chigawo muno mu 1994, 1996 ndi 1997. Pa 2 Febuluwale 1996 katawuni ka Tower kanafika -60°F. Bwanamkubwa wina, Mark Dayton, anatsekanso sukulu zonse za boma pa 6 Januwale 2014. Kumapeto kwa Januwale 2019 ana anakhala pakhomo masiku angapo otsatizana, ngakhale a positi anasiya kugawa makalata.

Anzanga ena obadwira konkuno amadandaula. Amati iwo ali ana ankapita kusukulu zivute zitani, ana a lero akuleredwa molekerera. Ine sindigwirizana nawo. M'kalasi ndi mofunda, palibe akutsutsa. Vuto lili pakati pa khomo la nyumba ndi khomo la basi. Kukazizira kwambiri dizilo amalimba, basi imakana kulira kapena imafera panjira, ndiye mwana amene amayenera kudikira mphindi 5 adikira 20. Mwana amene makolo ake ali ndi galimoto amudikirira ali mkati, injini ikulira. Nanga mwana wa banja longofika kumene kuchokera ku Somalia, ku Ecuador kapena kwathu komwe, wovala jekete lopyapyala la pakaunjika, amayi ake atalawirira kuntchito? Mkulu wa sukulu akamagamula, ayenera kuona mwana ameneyo patsogolo pa ena onse.

Koma musaganize kuti kutseka n'kopanda mavuto ake. Ine ndimagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko kulibe zoti lero kwazizira. Agogo ayenera kusamba, kudya, kumwa mankhwala. Uthenga uja ukangofika, mafoni athu amayamba kulira: achemwali, muli pa ofu kodi, ndikusiyireni ana? Amene alibe womusiyira amajomba, malipiro a tsikulo n'kupita. Palinso nkhani ya chakudya. Kuyambira 2023 ana a sukulu za boma ku Minnesota amalandira kadzutsa ndi nkhomaliro kwaulere, ndipo pali mabanja amene amadalira kwambiri zimenezo. Ndiye ndimamvetsa akuluakulu akamazengereza pamene nambala ili pafupi koma sinafike. Lamulo limalolanso masiku mpaka 5 pachaka oti ana aphunzire pa intaneti ali kunyumba, ngakhale kuti mwana wa zaka 6 sangakhale yekha ndi kompyuta.

Kwa inu amene mwangofika kumadera ozizirawa, musamayang'ane nambala imodzi yokha pafoni, yang'ananinso ya mphepo. Muvekeni mwana zovala zingapo zosanjikiza, chipewa chofika m'makutu, sikafu yotseka mphuno, ndi magolovesi aja osunga zala zonse pamodzi, chifukwa amafunda kuposa olekanitsa zala. Khungu likayera, musalitikite ndipo musaliyandikize pamoto. Liviikeni m'madzi ofunda pang'ono, kenako thamangirani kuchipatala. Ngati mulibe jekete labwino, funsani kuofesi ya sukulu musachite manyazi, sukulu zambiri zimasunga zovala zimene anthu apereka.

Mayi a ku Lilongwe, zikomo chifukwa cha funso lanu. Tikumanenso sabata ya mawa.