Bwanji anthu amajambula pamakoma a eni ake mtauni muno?

(Kamera ili pakhoma ku Mbare, makombi akudutsa kumbuyo)

Muli bwa abale anga, a pano pa Harare ndi inu mukuonera kumudzi. Tayang'anani khomali. Pansipa wina analemba nambala ya foni akuti amakumba zitsime, apa pali dzina la chipani lofufutika theka kuyambira nthawi ya masankho, ndiye pamwambapo nkhope ya mtsikana yaikulu kuposa chitseko, wojambulayo mpaka anaika kuwala m'maso. Penti ndi wodula inu. Nde munthu amamuonongeranji pakhoma loti si lake?

Choyamba n'chakuti anthu adziwe kuti iyenso alipo, basi. Ku New York kunali kamnyamata kogwira ntchito yotumidwatumidwa, paliponse kadutsa kankalemba TAKI 183, Taki dzina lake lachibwana, 183 nambala ya msewu wa kwawo. Mu 1971 nyuzipepala ya New York Times inalemba za iye ndipo anyamata ambirimbiri anayamba kulemba maina awo pamasitima, ena usiku alonda akuwathamangitsa. Sankagulitsa kanthu. Dzina lako likukwera sitima kuzungulira tauni yonse iwe uli gone kunyumba, kukoma kwake n'komweko.

(Kamera itembenukire kumsewu)

Nanga National Gallery, galale kapena kuti nyumba yoonetsera zojambula ija ili pa Julius Nyerere Way, chitsegulireni 1957, mwa inu amene mumagulitsa tomato pa Mbare Musika ndi angati munalowamo? Ine ndemwe ndinalowamo kamodzi, ndipo ndimathawa mvula. Pomwe khoma silifunsa tikiti, silitseka 5 koloko, agogo opita kutchalitchi amaona, hwindi woitanira makombi amaona, mwana wasukulu amaona. Wojambula wopanda womudziwa kumagalale, galale yake ndi durawall, mpanda wa simenti uja.

Ena ndi mkwiyo. Zomwe ukuopa kunena masana umalemba usiku. Khoma la Berlin ku Germany, lomwe linkagawa mzindawo pawiri, lisanagwe mu 1989 mbali ya kumadzulo inali yodzaza ndi zojambula, ya kum'mawa ili yeretu coz kumeneko ukayandikira asilikali amakuombera.

Koma musati ndi zachizungu izi ayi. Pitani pa Domboshava pompa muone nyama zojambulidwa pamwala kalekale. Kwathu ku Dedza, ku Chongoni, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, UNESCO inawazindikira mu 2006, ndipo zina anajambula ndi azimayi achichewa pa nkhani za chinamwali. Makolo analibe sipuleyi, ankagwiritsa dothi loyera ndi chala.

Zoti ndi kuononga katundu, eya nthawi zina n'zoona. Alandilodi anga anapenta geti Loweruka, pofika Lolemba wina wakhwatchapo dzina lake moipa ngati nkhuku yapalasa, anatukwana mpaka madzulo ndipo ine sindinawadzudzule. Nkhope ya mtsikanayi ndi ina, imafuna masiku, makwerero, ndi eni khoma kuvomera.

Imani kaye, mayi awa akuti ndatchinga tebulo lawo la masamba. Pepani amayi, ndikusuntha.