Nkhani za ku Joni: Hita Yathyokera mu Injini, Mlandu Wagwera Mmalawi

Mwaswera bwanji abale anga, kulikonse kumene mukumvera, ku Cape Town, ku Durban, ku Polokwane, ndi inu a kumudzi amene mumaganiza kuti kuno ndalama timachita kutola mumsewu. Pepani, mawu andisasa lero, ndi chisanu cha July ichi, ndikujambula ndili m'bulangeti. Mukamva galu akuuwa, ndi wa eni nyumba, musamulabadire.

Ndinalonjeza kuti sabata ino tikamba zotumiza ndalama kunyumba, koma zimenezo zidikire kaye. Pali chimene chandikhala pakhosi kuyambira Lachiwiri, ndipo ndikapanda kuchilavula sindigona.

Lachiwiri m'mawa kugalaja kwathu kunabwera Sprinter ija yaitali, 519, ya injini ya V6. Mwini wake ndi achimwene ena a ku Mangochi, aja onyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi. Ngolo anali atapakira kale: mafiriji, matilesi, njinga, zikwama za China zija zomata tepi ndi kulemba maina. Foni yawo sinkapuma, aliyense akufunsa kuti munyamuka liti. Vuto linali loti m'mawa galimoto ikuvuta kulira, ikalira ikunjenjemera, utsi woyera kumbuyo. Ine ndisanayike n'komwe kompyuta ndinadziwa kuti ndi ma glow plug, amene ife timangoti mahita.

Kwa inu osadziwa za dizilo, injini imeneyi ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Mpweya umafinyidwa mpaka kutentha, mafuta akalowa amayaka okha. Koma kukazizira, chitsulo chimameza kutenthako, ndiye pamafunika kachitsulo konga pensulo kamene nsonga yake imafiira mpaka madigiri pafupifupi 1,000 m'masekondi ochepa. Ku Mangochi kapena ku Nsanje galimoto itha kuyenda chaka mahita awiri atafa, mwini wake osadziwa. Koma Joni ili pamtunda, mamita opitirira 1,700, m'mawa umapeza galasi la galimoto lagwira madzi oundana. Kuno hita ikafa, umadziwa tsiku lomwelo.

Tinayeza, atatu mwa sikisi anali akufa. Ndinawauza abwana kuti, bwana, tiithamangitse injiniyi itenthe bwinobwino, tithire Q20, mafuta aja ofewetsa dzimbiri, m'maenje a mahitawo, igone, mawa titenthetsenso, kenako timasule pang'onopang'ono. Iwo akuti palibe nthawi, malo a galimotoyi akufunika. Anatenga soketi, kulumikiza mpaipi wautali uja timamasulira mataya a lole, injini ili zii ngati madzi a pa Mulanje. Woyamba unatuluka ukulira. Wachiwiri ndinangomva kuti thyo! Kaphokoso kakang'ono, amwene, koma makaniko aliyense akakamva, m'mimba mumatentha. Soketi inatuluka ndi kamutu kokha, thupi lonse latsala mu hedi, chivundikiro chija cha pamwamba pa injini.

Ndiye mukudziwa anatani? Anacheuka n'kunena kuti, "Malawi, wachita chiyani?" Ine! Manja anga ali m'thumba chifukwa cha chisanu! Zaka zinayi ndili pamenepo, dzina langa sanaligwirebe, ndine Malawi basi, ngati dziko lonse kuyambira Chitipa mpaka Nsanje lavala ovolosi imodzi. Akuti andidula R1,500 pamalipiro, ndipo anawauza achimwene aja kuti hedi iyenera kutsika, akonzeke ndalama ndi masabata awiri. Munthu wamkulu anangokhala pa tayala, atagwira kumutu.

Apa ndilalikireko pang'ono, anyamata amene mwangobwera kumene ndipo mukugwira ganyu m'magalaja, tcherani khutu. Hita si bawuti ya tayala. Ndi kachubu kopyapyala, mkati muli waya. Aja a mathiredi a 8 mm amathyoka mukangopitirira 20 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopotokolera), aja a 10 mm amapirira mpaka cha m'ma 35. Mphamvu imeneyo mwana wa sitandade 8 ali nayo m'dzanja limodzi. Tengani torque wrench, sipanala ija yoyeza mphamvu, ikani pansi pa nambala imeneyo, ikalira siyani. Siyani! Thiraninso mafuta, pitani mukamwe tiyi. Ikayamba kusuntha, musasangalale, bwezerani kumbuyo pang'ono, kutsogolo pang'ono, ngati mukugwedeza dzino la mwana. Chimene chimagwira si mathiredi okha ayi, ndi mwaye umene waunjikana kunsonga kwa zaka zambiri mpaka kuuma ngati simenti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikukhulupirira amene ananena mawuwa anathyolapo hita.

Ine izi anandiphunzitsa ndi amalume anga ku Ndirande, pansi pa mtengo wa mango, kopanda denga, kopanda kompuresa. Ukagwira sipanala molakwika ankakumenya nayo yomweyo pa chala. Ndinkawada nthawi imeneyo. Anamwalira ndili kuno, maliro ndinaonera pa WhatsApp, foni ikudukaduka... Iyayi, tisapite kumeneko, tibwerere ku Sprinter.

Ndinawauza achimwene aja m'Chichewa, abwana ali pomwepo osamva kanthu, kuti musalire, ndipatseni masiku awiri. Usiku womwewo ndinakwera taxi kupita ku Germiston kwa mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene ali ndi bokosi la zida zochotsera mahita othyoka. Anandibwereka atandilumbiritsa kuti ndikathyola tapu yake imodzi, kachitsulo kodulira mathiredi kaja, ndigula bokosi lonse. Ndinabwera nalo nditalikumbatira ngati khanda.

Lachitatu ntchito inayamba. Choyamba ndinazungulitsa injini ndi dzanja mpaka pisitoni ya silinda imeneyo ifike pamwamba, kuti nsonga ikati igwe isapite patali. Chifukwa ikagwera mkati, basi, hedi itsika, ndipo abwana apambana. Kenako kachitsulo kapakati kaja, kamene kamabweretsa magetsi, kanayenera kuchoka kaye, chifukwa ukaboola kali momwemo dirilo imathawira pambali. Ndipo pambalipo pali aluminiyamu, yofewa ngati sopo poyerekeza ndi chitsulo cha hita. Dirilo ndi yaulesi, imakonda kofewa. Ikapatuka pang'ono yadya hedi, mwina mpaka kubowola njira ya madzi. N'chifukwa chake m'bokosi muja muli kachitsulo kolondolera, kamene umakhazika pabowo kuti dirilo iyende chilili.

Ndinapaka girisi pa dirilo kuti tizidutswa tizimatirira. Kuboola pang'ono, kutulutsa, kupukuta, kupaka girisi wina, kubwerezanso. Osathamangitsa makina. Chala chimamva dirilo ikamadya bwino, imachita kung'ung'udza, ndipo tizitsulo timatuluka topotana ngati tsitsi. Hita imeneyi inali yakumbuyo, kufupi ndi galasi, ndiye ndinagona chafufumimba pa injini, tochi ili m'kamwa, malovu akuyenderera.

Ndili choncho, ndinangomva mapazi, anyamata a pa car wash akudutsa liwiro, wina akukuwa kuti afika! Apolisi anatseka msewu wathu mbali zonse ziwiri, akufunsa mapepala. Mukudziwa kale mmene zimakhalira, sindichita kufotokoza. Mnyamata wathu wosesa analowa mu ngolo ija n'kubisala pakati pa matilesi. Ine dirilo ili pakatikati pa hedi ya eni, ndingathawe bwanji? Wapolisi wina analowa, anaona miyendo yokha ikulendewera pa bonati, anafunsa kuti zikuyenda? Ndinayankha ndi tochi m'kamwa kuti mmm. Anaseka n'kutuluka. Achimwene a ku Mangochi akuti ndili ndi mankhwala. Mankhwala ake ati, mtima unali kugunda mpaka ndinkaumva m'mano.

Mbali ya mathiredi itatha kubooledwa, zotsalira zake ndinazitokosa ndi kawaya kosongoka, zinatuluka zozungulira ngati kasipuling'i, mathiredi a hedi ali bwinobwino osakhudzidwa. Pamenepo ndinaimba kanyimbo ka kwaya. Kenako ndinadula mathiredi atsopano mkati mwa kachubu kotsalako, kulowetsamo ndodo yokokera, pamwamba nati. Kumanga natiyo theka, kudikira, kuthira mafuta, theka linanso. Maola awiri, abale. Abwana akungozungulira, akuti ukutaya nthawi yanga. Cha m'ma 4 koloko ndinamva kuti yafewa, ndipo inatuluka yonse ndi nsonga yake, yakuda bii, yotupa ngati chala cholumidwa ndi njuchi.

Zotsalazo ndi zodziwika: kupala mwaye m'bowo, kupemerera, hita yatsopano kuipaka girisi wake uja wosapsa, kumanga mopepuka. Wachitatu uja ndinaumasula Lachinayi injini ili yotentha, unatuluka ngati ukuchita kufuna. Galimoto inalira kamodzi.

Tsopano imvani izi. Abwana anawalipiritsa achimwene aja R6,000, akuti ntchito ya akatswiri. Anajambulanso hita yothyokayo ili m'dzanja lawo, loyera bwino lopanda girisi, n'kuika pa Facebook ya galaja kuti ife timachotsa popanda kutsitsa hedi. Ife! Ndipo R1,500 yanga ija sanainenepo kanthu kuti aibweza kapena ayi. Wothyola ndi iwo, wolipidwa ndi iwo, wodulidwa ndine. Ukadandaula, yankho mukulidziwa: geti ndi ilo, akudikira ntchito ndi ambiri. Koma ndawerengera, bokosi lija ndikhoza kugula langa ndikamana mimba miyezi itatu, ndipo ma Sprinter a anthu akwathu ndi angati pa Joni pano? Nonse mukundimva, muli ndi nambala yanga.

Achimwene aja ananyamuka dzulo usiku. Pofika pano ayenera kuti awoloka Beitbridge, mawa Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza. Sanandipatse ndalama, analibe, koma ananyamula kathumba kanga ka mayi osandilipiritsa, ndipo alonjeza kuti pobwera anditengera usipa ndi ufa wa mgaiwa. Ndawauza kuti usipawo ukhale wa ku Makawa, asandigulire wa mu Limbe.

Kachidutswa kaja ndinakatola m'bini abwana atamaliza kujambula. Kali pano patebulo, mukukamva? Lachisanu ndi tsiku la malipiro, ndipita nako m'thumba. Envelopu ikapereweramo, ndikaika pa desiki pawo, ndiwafunse kuti anagwira mpaipi uja ndani. Sabata yamawa ndidzakuuzani ngati ndidakali pa ntchito.