Musagule makina owotcherera poona nambala ya pakatoni

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko. Sunthirani pafupi, nkhaniyi kwenikweni ndi yanu. Atsogoleri a gulu andiuza kuti ndalama mwasonkha ndipo mukufuna makina owotcherera aang'ono, oti muzipangira zitseko, mageti, mbaula ndi kukonza mawilibala. Ndiye tiyeni tikambirane kuti ndalamayo isapite m'madzi.

Ntchito zonse mwatchulazi ndi za chitsulo chopyapyala. Mapaipi a sikweya amene timapangira mafelemu ambiri amakhala a milimita 1.2 kapena 1.6. Lata la thupi la galimoto nthawi zambiri silipitirira milimita imodzi. Chitsulo chotere vuto lake si kukana kusungunuka ayi. Chimasungunuka msanga, ndipo moto ukangochuluka pang'ono mumapeza chibowo pamalo pamene mumafuna msoko. Mukati mutseke chibowocho, chikukulirakulira. Kutenthako kumapindanso latalo, chitseko n'kutuluka chokhotakhota, mwini wake n'kukana kulipira.

Tsono mukalowa m'sitolo ku Limbe kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, wogulitsa adzakuonetsani katoni yolembedwa ma amp 300 kapena 400, muyeso wa moto wa makinawo, ndi zilembo zikuluzikulu, adzati awa ndiye amphamvu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a ESCOM m'nyumba ndi ma volt 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ija fyuzi yake ndi ya ma amp 13. Mukachulukitsa mupeza ma watt pafupifupi 3,000. Kuti makina atulutsedi ma amp 300 powotcherera amafunika ma watt oposa 9,000. Mwaona? Kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, kolowetsa pasoketi ya m'nyumba, sikangapereke zimene kalemba. Ndipo ngakhale katapereka, inu simukuzifuna. Pa ntchito yanu funso ndi lakuti: makinawa amatsika mpaka pati? Pa ma amp 30 kapena 40, moto wake umayaka mosadukiza kapena ndodo yowotcherera imangomatirira pachitsulo? Apo ndiye pagona nkhani.

Makina aja opangidwa konkuno, okulunga mawaya pachitsulo, amene mumawaona m'mbali mwa msewu ku Ndirande ndi ku Mchesi, sindiwanyoza. Adyetsa mabanja ambiri, safa wamba, ndipo akapsa mmisiri amakulunganso. Koma moto wake mumasintha modumphadumpha, posuntha waya kuchoka apa kupita apo, ndipo wotsika kwambiri amakhalabe wochuluka pa lata lopyapyala. Amakokanso magetsi moti mababu a aneba amaphethira. Pa njanji za mawindo ndi zitsulo zokhuthala ndi abwino ndithu. Pa zanuzi, ine ndingasankhe inverter, makina opepuka a timagetsi mkati, yaing'ono yofika ma amp 120 kapena 140, yokhala ndi kotembenuza koti muzionjezera moto pang'onopang'ono.

Ndodo nazonso zimalakwitsa anthu. Ambiri amagula zonenepa milimita 3.2 chifukwa ndi zomwe zapezeka, kenako n'kumanena kuti makina ndi oipa. Tengani ndodo zolembedwa E6013, chifukwa moto wake sulowa kwambiri mkati mwa chitsulo. Ya 2.5 imafuna ma amp apakati pa 60 ndi 90, ndipo imakwanira pa chitsulo cha milimita 2. Pansi pa apo funani ya 2.0, imene imayaka bwino pa 40 mpaka 60, kapena ya 1.6 mukaipeza. Zisungeni pouma, chifukwa ndodo yachinyezi imalavula ndipo imasiya timabowo mumsoko. Pa inverter mutha kusinthanitsanso mawaya, chogwirira ndodo chipite ku negative, kumene kuli chizindikiro cha (-), moto sukumba kwambiri.

Mayi apo afunsa ngati makina a mtundu wina otchedwa MIG sangakhale abwino. Eya, funso labwino. Pa lata la galimoto MIG ndiye mwini wake, zimenezo sindingabise. M'malo mwa ndodo imatulutsa waya wopyapyala wa milimita 0.6 kapena 0.8, ndipo wophunzira amaizolowera msanga. Koma imafuna botolo la gasi, carbon dioxide kapena wosakaniza ndi argon, ndipo likatha muyenera kupita kwa ogulitsa gasi monga Afrox, mumzinda. Werengani thiransipoti, werengani masiku amene ntchito idzaime. Gasiyo amauluzikanso ndi mphepo, pamene ambirife timagwira ntchito panja, pansi pa mtengo wa mango. Ilipo ina yosafuna botolo, ya waya wa mankhwala mkati. Imeneyo mphepo siivutitsa, koma imatentha kwambiri ndipo imamwaza zitsotso, moti pa lata losafika milimita imodzi imaboola ngati ndodo yomwe. Mtundu winanso wa makina wotchedwa TIG usiyeni kaye, ndi wa ntchito zina. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi mageti ndi mbaula, yambani ndi ndodo, MIG mudzagule phindu likaoneka.

Kumbuyo kapena pansi pa makina pali kachikwangwani ka manambala. Funani pamene alemba duty cycle. Akati 60% pa ma amp 100, ndiye kuti pa mphindi 10 zilizonse makina amawotcherera mphindi 6, zinayi apume. Nambala imeneyo imanena zoona kuposa ya pakatoni. M'mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, makina ofooka amazima okha pakati pa ntchito. Makina opanda kachikwangwani aka asiyeni pomwepo.

Ndipo musalipire musanayese. Nyamulani zidutswa ziwiri za chitsulo chimene mudzagwiritse ntchito, ndi ndodo zanu, ndi munthu wodziwa kuwotcherera, kaya wophunzira ku Soche Technical College kaya mmisiri wa pamsika. Atsitse moto mpaka pansi, ayatse. Wogulitsa akakana kuyesa, pitani sitolo ina. Funsaninso kuti akawonongeka amakonza ndani, chifukwa mkati mwa inverter muli timagetsi tofanana ndi ta wailesi, ndipo fumbi la chitsulo, chinyezi ndi jenereta yosakhazikika zimatiwotcha. Magetsi akathima, kajenereta kounikira m'nyumba kaja musakalumikize. Waya wotalikitsira akhale wokhuthala, wolembedwa 2.5 mm², ndipo muziutambasula wonse.

Makina abwino okha sakwanira, dzanja nalo liphunzire. Pa lata sitikoka msoko wautali. Timadontheza: kadontho apa, kena kutali, kena pakati, chitsulo chizizire, kenako n'kulumikiza timadonthoto. Zidutswa zigundane bwinobwino popanda mpata. Mukaika chidutswa cha kopa kuseri kwa msoko chimamwa kutentha ndipo sichimatirira. Malata ofolera nyumba, osafika n'theka la milimita lomwe, musavutike nawo. Amenewo anzathu okhoma zidebe amapinda m'mphepete ndi kukhoma ma riveti, ndipo ntchito yawo imakhala zaka.

Chotsiriza ndi thupi lanu. Chitsulo chonyezimira chokutidwa ndi zinc chimatulutsa utsi woyera, ndipo mukaupuma usiku mumamva ngati malungo: kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'thupi. Mkaka umene ena amamwa suteteza chilichonse. Palani zinc pamalo owotchererapo ndipo mugwirire ntchito pomwe mphepo ikudutsa. Magalasi a dzuwa nawonso si chishango. Amene anagonapo maso akuwawa ngati muli mchenga akudziwa zimene ndikunena, ndikuona ena akuseka kumbuyoko. Pa ndalama mwasonkhazo patulanipo ya chigoba chakumaso cha galasi la nambala 10, magulovu achikopa ndi nsapato zotseka. Mgolo umene munali petulo musauyandikize moto, ngakhale mutautsuka.

Amfumu, ngati mulola, tituluke panja. Ndabwera ndi kamakina kanga ndi zidutswa za 1.2, aliyense wa achinyamatawa agwireko ndodo. Wina athamange akatenge waya wotalikitsira uja kuofesi.